Tsiku Limene A Fanuel Anasanja Madisiki

A Lameki Mvula anayamba ntchito ngati wotayipa makalata ku bungwe lina la alimi a mtedza pa boma la Mchinji. Makompyuta atabwera, akuluakulu anaona kuti wodziwa kugogoda mabatani ndi iwowo, basi udindo unawagwera. Maphunziro ake anali a masiku anayi ku Lilongwe, ndipo tsiku limodzi linathera pa mwambo wotsegulira.

Mu 2006 bungwe linalandira makina osungira mayina a alimi zikwi zinayi, a ku Dambe mpaka ku Guilleme. M'kati munali madisiki asanu ndi limodzi, momwe mayinawo ankasungidwa. A Lameki anawalumikiza okha polemba malamulo pa sikirini yakuda yopanda chithunzi: awiriawiri, kuti lina likafa linzake likhale ndi zonse, kenaka magulu atatuwo anawamanga pamodzi kuti azigawana katundu. Zinawatengera sabata yathunthu, buku lachingerezi lili pamiyendo.

Lolemba lina mu Novembala, mitambo itada, alimi atadzaza panja kudikira mndandanda wa olandira mbewu, makina anakana. Sikirini inati madisikiwo sikuwadziwa. A Lameki atasuzumira anapeza disiki lililonse lili ndi nambala ya penti yoyera.

A Fanuel, osunga katundu, sanabise.

"Ndalemba ndine, achimwene. Katundu wa bungwe sakhala wopanda nambala. Ndinawatulutsa Loweruka."

"Munawabwezera mmene analili?"

"Kuposa mmene analili. Munawaika chisawawa inu. Ndawasanja potsata manambala a kufakitale."

A Lameki anayang'ananso makina. Makinawo anali amtundu wakale, ozindikira disiki ndi malo ake okha. Kuti adzuke, panafunika kuwauzanso kuti ili ndi mnzake wa ili. Kulakwitsa kamodzi, makina akanakopera disiki lina pamwamba pa losayenera, mayina onse n'kufafanizika. Mapepala akale a mayinawo anali atadyedwa ndi chiswe chaka chatha.

Mayi Luwiza, mkulu wa ofesi, anasuzumira pakhomo.

"A Mvula, anthu akudikira. Tangodinani chilichonse."

"Chilichonsecho n'chimene ndikuopa, bwana."

A Lameki anakhala ola lathunthu akulemba lamulo n'kulifufuta. Panja wina anafuula kuti mvula siidikira kompyuta.

Potsiriza a Lameki anafunsa motsitsa mawu: "A Fanuel, musanatulutse, simunalembe penapake?"

A Fanuel anakhumudwa kwambiri.

"Zaka makumi awiri pa ntchito ino, ndingasunthe chinthu osalemba pamene ndachipeza? Mukundiyesa ndani?"

Anabwera ndi buku lachikuto chakuda. Munalidi zonse, m'zilembo zokongola: disiki lakutilakuti, bowo lachitatu kuchokera kukhomo. A Lameki anazimitsa makina, nabwezera madisiki limodzilimodzi, a Fanuel akuwerenga mokweza ngati m'tchalitchi. Atayatsanso makina, a Lameki analemba lamulo lija, naliwerenga katatu. Anaika chala pa batani. Anadina.

Sikirini inakhala chete kwa nthawi yokwanira munthu kuganiza zobwerera kumudzi kukalima. Kenaka mayina anatuluka, kuyambira a ku Dambe.

A Lameki asanapume n'komwe, a Fanuel anawaikira fomu patsogolo.

"Sayinani apa, achimwene. Mwasuntha katundu wa bungwe popanda chilolezo."

Anasayina.