Mizere ya Mayi Rozaria m'Holo Yakale

Mayi Rozaria anabadwira mu komboni ya esiteti ina ya tiyi kumtunda kwa Chipinge, panjira yopita ku Mount Selinda. Bambo awo anachokera ku Mulanje wapansi atamva kuti kuno kukufunika manja odziwa kuthyola tiyi, ndipo anafera konkuno osabwererako. Choncho mudzi wa a Rozaria unali nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri, nambala 46. Chitupa chawo chinkati ndi mlendo. Mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Mandeya, ku Honde, m'banja la eni nthaka, kumene mayi wa mkazi amakachezako masiku atatu n'kutsazika.

Sukulu analekezera giredi 5. Anathyola tiyi zaka zisanu ndi zinayi mpaka msana unayamba kukana dengu, ndipo mu 1981 akapitawo anawapatsa tsache. Ankasesa maofesi atatu: ya maneja, ya makalaliki, ndi ina ya kufupi ndi fakitale. Lachisanu lililonse ankasesanso holo yakale imene azungu ankavinamo pa Khirisimasi, ngakhale kuti munalibenso wovina. Kusesa kwawo kunali kwa mtundu wawowawo. Masamba a tiyi ophika kale sankawataya. Ankawasunga mu ndowa ali chinyowere, n'kumawaza pansi asanasese kuti fumbi lisabuke. Munthu akalowa m'mawa ankamva kafungo ka tiyi n'kudziwa kuti a Rozaria adutsamo. Iwowo sankaoneka kawirikawiri. Anali munthu woyenda motsatira khoma.

Pofika 2007 zinthu zinali zitathina. Magetsi ankabwera mwa apo ndi apo, dizilo wa jenereta anasowa, ndipo theka la makalaliki linali litawoloka mtsinje wa Limpopo kukafuna ntchito. Akuluakulu a kampani analamula kuti maofesi atatu aja atsekedwe, anthu khumi ndi anayi otsalawo asamukire m'holo, azisesa okha. A Rozaria analandira kalata yoti ntchito yawo ithera pa 30 Novembala. Kalatayo sinatchule za nyumba, koma mu komboni ngakhale mwana ankadziwa kuti ntchito ikatha kiyi amabwezedwa.

Maneja, a Dhliwayo, anali atangobwera kumene kuchokera ku Mutare, munthu wa mtima wabwino koma wopupuluma. Iwo analandira pepala lalikulu lojambulidwa ndi katswiri wina wa ku Harare wokonza za m'maofesi. Katswiriyo sanafike yekha, poti mafuta a galimoto kunalibe. Anangouzidwa pa foni kutalika ndi kufupika kwa holoyo. Pepalalo linali lokongola. Matebulo anali m'magulu a anayianayi pakati pa chipinda, anthu oyang'anizana maso ndi maso, popanda khoma lowalekanitsa. A Dhliwayo anati umu ndi mmene maofesi a masiku ano akukhalira, ndipo Lolemba matebulo anaikidwa ndendende monga mwa pepala.

Lolemba lomwelo vuto linabuka. Tapson, kalaliki wolemba makilo a masamba, atalowa n'kuona pamene panalembedwa dzina lake, anabwerera chambuyo ngati waponda moto. Tebulo loyang'anizana nalo linali la mayi Madalena otaipa makalata, amene anali apongozi ake. Zaka zisanu ndi ziwiri chikwatirire mwana wawo, awiriwa anali asanayang'anizanepo. Akakumana panjira, Tapson ankapatukira m'tiyi, n'kuwombera m'manja ali chapatali. Ntchito sinkawasokoneza chifukwa wina anali kufakitale, wina ku ofesi ya maneja. Tsopano pepala la ku Harare linkafuna kuti mawondo awo azitsala pang'ono kugundana.

Tapson anatenga buku lake n'kukakhala pakhonde, kumalembera pabondo. Anzake ankamuseka, kumufunsa ngati wakwezedwa kukhala mlonda, wina n'kumati amugulira chibonga. Mayi Madalena nawo ankataipa atapotoza khosi, poopa kuti mkamwini angalowe mwadzidzidzi. Powauza a Dhliwayo kunalibe wolimba mtima, pakuti aliyense ankaopa kuti kalata yotsatira ikhala yake.

"Achemwali, khosi langa lauma," anatero mayi Madalena Lachinayi, atakumana ndi a Rozaria pa mpopi. "Sabata yonse ndikuyang'ana khoma ngati nkhuku yachitopa."

Sizinali zokhazo. Pakati pa holo panali mdima, ndipo popanda magetsi anthu ankawerenga atayandikiza pepala pamphuno. Lachitatu kunagwa guti, kamvula kosalekeza kaja kamene bambo a Rozaria ankakatcha chiperoni, denga n'kudonthera pa kabati ya mafayilo. Chitseko chakumadzulo chikatsegulidwa, mphepo inkaulutsa mapepala a magulu awiri. A Dhliwayo ankayendayenda ndi pepala lawo m'manja, kuyang'ana pepala, kuyang'ana chipinda, osaona pamene palakwika.

Loweruka m'mawa matebulo onse anatulutsidwa pakhonde kuti a Rozaria apake polishi kotsiriza. Anatsala okha m'holo yopanda kanthu, ndowa ya masamba onyowa ili pambali. Anatapa dzanja limodzi kuti awaze monga mwa masiku onse, koma m'malo mowaza anayamba kuthira pang'onopang'ono, mzere wowongoka. Sankaganiza zoonetsa munthu. Chinkawapweteka n'choti chipinda chimene anachidziwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi chikunenedwa kuti n'choipa. Anayeza ndi mtengo wa tsache: tebulo ndi mtengo umodzi ndi theka, mpando wokokera kumbuyo ndi mtengo umodzi, njira yoti anthu awiri apatukirane ndi mitengo iwiri. Pasanathe ola, pansi pofiirapo panali timabwalo ta ngodya zinayi khumi ndi tinayi, takudatakuda, totsatira mawindo.

Anamva nsapato pakhomo. A Dhliwayo anabwerera kudzatenga magalasi amene anaiwala. A Rozaria anagwira tsache msangamsanga kuti afafanize.

"Imani, mbuya," anatero, kuwatchula agogo m'chinenero cha kuno. "Ichi n'chiyani?"

Anayankha atayang'ana pansi kuti ankangosewera, awakhululukire. Koma a Dhliwayo anali atalowa kale, akuyenda monyang'ama kuti asaponde mizere. Anawerenga timabwaloto, n'kufunsa chifukwa chake pakati asiyapo popanda kanthu. A Rozaria anati pakatipo kuwala sikufikapo, n'poyenera kuyendapo, osati kulembapo. Maneja anafunsanso za ngodya yakumpoto imene inali yopanda mzere. A Rozaria anati pamenepo pali malata atatu odontha, ndipo mvula ikachokera ku nkhalango ya Chirinda pamawonjezeka lachinayi. Mawu awo ankatuluka pang'onopang'ono, Chinyanja chosakaniza ndi Chindau, koma akangoyamba kuloza ndi tsache manyazi ankachepa. Anaonetsa pamene polishi anaperepeseka kuyambira kale, njira imene mapazi a anthu amasankha okha kuchokera pakhomo kupita kuseri. Anati munthu ukamuikira tebulo panjira yake, adzaligunda tsiku lililonse mpaka adzadana ndi mwini tebulo.

A Dhliwayo analoza bwalo lina pansi pa windo lakum'mawa n'kunena kuti pamenepo dzuwa limuwotcha munthu.

"Silifika, bwana. Limalekeza pa mng'alu uwu. Likafika apa ndiye kuti ndi teni koloko, ndimakateleka ketulo. Kenako limabwerera."

Maneja anayang'ana wotchi yawo. Kunatsala mphindi makumi awiri. Anatsamira khoma n'kupinda manja, ndipo a Rozaria anaima chapatali atagwira tsache. Kunja kunkamveka njiwa basi. Chigamba cha dzuwa chinkakwawa pa simenti, chinadutsa pamene panagwera utoto kalekale, n'kuyandikira mng'aluwo. Chitaukhudza, a Dhliwayo anayang'ananso wotchi, n'kuivula, n'kuiika pakhutu ngati akuikayikira. Anadikiranso. Kuwalako kunaima pamenepo kanthawi, zala zinayi kuchokera pa mzere wa masamba, kenako kunayamba kubwerera. Bambo aja, amene anthu anali asanawaonepo atakhala chete mphindi ziwiri, anakhala pansi pa sitepe ya pakhomo.

Patapita nthawi anafunsa za mabwalo awiri a kumapeto, amene pakati pake panali mzere wonenepa. Apa a Rozaria anazengereza, chifukwa inali nkhani ya eni ake. Kenako anafotokoza kuti mzerewo ndi makabati awiri a mafayilo, oima mobelekana. Uku kukhala mayi Madalena, pafupi ndi khomo lakum'mawa. Uko kukhala Tapson, pafupi ndi khomo lakumadzulo, limene likhala lotsekedwa ndi mwala kuti mphepo isalowe, iye yekha n'kumadutsirapo. Onse awiri ayang'ana kumwera, aliyense ndi windo lake. Pamwamba pa makabati pakhala thireyi: wina akaika pepala agogode kawiri, winayo atenge.

"Chifukwa chiyani onsewa?" anafunsa a Dhliwayo.

"Ndi apongozi ake, bwana."

A Dhliwayo anagwira pakamwa. Nawonso anali ndi apongozi ku Mutare, amene sankadya nawo m'chipinda chimodzi. Anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti iwo ankayesa mnyamatayo ali ndi chifuwa, akufuna mpweya.

Tsiku lomwelo anaitanitsa amuna anayi ku komboni. Anawauza kuti asafunse iwo, afunse mbuya. A Rozaria anali asanalamulepo mwamuna chibadwire, moti poyamba ankangoloza ndi chibwano. Tebulo lililonse linkatera m'bwalo mwake ngati chivundikiro pa mphika. Limodzi lokha linakana, la wolemba za mankhwala a m'munda, limene linali lalitali kuposa mmene ankalikumbukira. Analitembenuza katatu, mapeto ake linakhala chopingasa pang'ono, ndipo lili choncho mpaka lero. Atatha, anasesa masamba aja n'kupaka polishi mozungulira miyendo ya matebulo.

Lolemba magetsi kunalibe, koma palibe amene anazindikira mpaka masana. Anthu ankalowa n'kuima kaye pakhomo. Holo ija inkaoneka ngati yakula. Kuwala kunkagwera pa tebulo lililonse kuchokera kumanzere, kupatula la mtsikana wina wamanzere, limene linatembenuzidwa kuti dzanja lake lisaphimbe zolemba; iye anakhala pansi, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kufunsa kuti ndani anamuona. Tapson analowera khomo lake, anawomba m'manja kuseri kwa makabati n'kupereka moni, ndipo mawu a mayi Madalena anayankha kuchokera mbali inayo, omasuka bwino. Cha m'ma 9 kunamveka kugogoda kawiri pa chitsulo, ofesi yonse n'kuphulika kuseka.

A Rozaria ankamvera zonsezi ali panja, akutsuka makapu. Masiku anali atatsala khumi ndi limodzi, ndipo kunyumba anali atayamba kale kumanga ziwiya m'masaka.

Lachitatu anaitanidwa. Anagwada pafupi ndi tebulo la maneja, koma a Dhliwayo anawakokera mpando. Anati ntchito yosesa yathadi, iwo sangaibwezere, poti lamulolo linachokera kumwamba. Koma kiliniki ya pa esiteti ikusamukira m'nyumba yaing'ono, sitolo ya zipangizo ikuphatikizidwa ndi ya feteleza, ndipo aphunzitsi asanu ndi atatu akukanganirana chipinda chimodzi. Anali atalembera akuluakulu kuti pakufunika munthu woyang'anira malo, ndipo yankho linali litabwera m'mawa womwewo. Malipiro ake anali omwewo, osagula ngakhale sopo. A Rozaria sanafunse za malipiro.

"Nanga nyumba, bwana?"

"Nyumba ndi ya wantchito, mbuya. Inu ndinu wantchito."

Anawomba m'manja mwaulemu n'kutuluka, osathamanga. Mvula inali itagwa kale masabata atatu, ndipo mu komboni monse chimanga chinali chitamera, kupatula kuseri kwa nambala 46, kumene kunali thengo. Madzulo amenewo dzuwa lisanalowe, anthu obwera ku tiyi anawaona atawerama ndi khasu, mbewu zili m'kambale, akubzala mofulumira kuti apezane ndi anzawo.