Njinga Yotopa ya Amake Tae-gon

Ku Dolmoe, kugombe la kumadzulo kwa Korea, nyanja ikaphwa imapita kutali moti mlendo amaganiza kuti yasamuka. Imasiya matope ndi miyala, ndipo pamiyalapo ndi pamene pamamatirira nkhono zimene amayi a m'mudzimo amagwebula nyengo yozizira n'kugulitsa kwa amalonda a m'tauni. Njira yopita kumeneko ndi imodzi yokha, yasimenti, yopapatiza, yotsetsereka kuchokera pakhoma la m'gombe. Madzi akamabwerera sagogoda. Amangokwawa m'ngalande mwakachetechete, ukamatukula mutu ali kale kumbuyo kwako.

Kwa zaka zambiri woyamba kutsika njira imeneyo, ndiponso womaliza kukwera, anali Mayi Pyo Geum-rye, amene aliyense amawatchula kuti amake Tae-gon. Anakwatiwira kuno ali mtsikana wa kumapiri, wosadziwa ngakhale kuzula mwendo m'matope. Lero adutsa zaka makumi asanu ndi atatu. Msana unapindika, mawondo anatha kalekale, koma manja awo ndi nkhani ina. Kachitsulo kawo kokhota kakagunda mwala, nkhono imatuluka yathunthu, yosabooka, mnzawo akadali kufunafuna poyambira. Ndiwo ankanunkhiza mphepo n'kunena kuti, "Basi, nyamulani," ndipo palibe ankatsutsa. Pakamwa pawo pamapsa, inde, ambiri tinalawapo. Koma m'zaka zawo zonsezo palibe mkazi wa ku Dolmoe amene anatsalira m'madzi.

Chinkawafikitsa kumiyalako ndi njinga ya batire ya matayala anayi, ija ya okalamba, yokhala ndi mpando wotsamira ndi dengu kutsogolo. Inali ya malemu amuna awo. Bambowo atamwalira, amake Tae-gon anangoika pilo pampando poti panali patalowa m'kati, n'kuphunzira kuyendetsa pabwalo la nyumba yochezeramo okalamba, akugunda miphika ya maluwa ya eni ake osapepesa n'komwe.

Pamaliro pomwepo mwana wawo yekhayo, Tae-gon, amene amagwira ntchito kudoko ku Incheon, anafuna kuwatenga. Anakangana mpaka obwera kudzalira anachita manyazi. Mapeto ake anagwirizana chimodzi: tsiku limene amayi adzalephere kupita kunyanja ndi kubwerako paokha, adzalongedza katundu popanda mawu. Nyumba ya mwana wawoyo anali ataiona kamodzi, pamwamba penipeni pa chinyumba chosanja, mawindo otseka, anthu okumana m'chikepe osapatsana moni. Ankati kumeneko munthu umafa uli wosamba bwino. Choncho njinga ija ndiyo inkawasunga m'mudzi mwawo, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense.

Ankaisamalira ngati mwana. Tsiku lililonse pobwera kunyanja ankaitsuka ndi madzi a pampopi, kuipukuta, kuifunditsa bulangeti. Kunja inkawala, koma chinali chikomekome cha mkuyu, pakuti mchere sugwirizana ndi chitsulo. Nyengo yozizira ya chaka china itayamba, batire yotchaja usiku wonse inkafika pakati pa njira kanyali kake kakuphethira kofiira. Mabuleki ankagwira ataganiza kaye. Pamtunda wa pakhoma paja inkalira ngati chigayo chofuna kuzima.

Anapita nayo kwa Bambo Seok, amene amakonza timathirakitala ta alimi kuseri kwa sitolo.

"Agogo, batire ndakuikirani yatsopano chaka chatha chomwechi," anatero Seok atagona pansi kusuzumira kunsi kwake. Anagogoda chitsulo ndi sipanala, dzimbiri n'kumuyoyokera kumaso. "Mwaona? Injini yatopa, chitsulo chonse chadyeka. Ndikawotcherera apa, mawa chithyoka apo."

"Ndiye ntchito yako n'chiyani, kundiwerengera matenda?"

"Ine ndimakonza zodwala, agogo. Zakufa ndimangoperekeza."

"Ufe ndiwe. Mangitsa bawuti imeneyo ndizipita, madzi sakudikira."

Seok anamangitsa akupukusa mutu. Onse awiri ankadziwa pamene panali minga. Kuti munthu wokalamba athandizidwe ndi boma kupeza njinga yatsopano, amayenera kukaonedwa kaye ndi dokotala mumzinda, amuyeze mawondo, maso ndi mutu womwe. Wowatengera kumeneko analipo mmodzi, Tae-gon. Kumuuza kuti njinga yatha kunali ngati kumupatsa okha chingwe chowakokera ku Incheon.

Ndiye amake Tae-gon anaibisa nkhaniyo. Mwana akaimba foni Lamlungu ankati zonse zili bwino, n'kumufunsa ngati akudya.

Masiku omwewo amayi anzawo anayamba ulesi wachilendo. Madzi asanaganize n'komwe zobwerera, wina wakumbuka kuti wasiya mphika pamoto. Wina mutu. Wina akuti sewero la pa kanema liyamba. Amake Tae-gon ankawakalipira njira yonse.

"Matumba osadzaza chonchi, mukupita nawo kuti? Ife kale tinkatuluka muno madzi ali m'mawondo, mwana ali kumsana! Inu mwakhuta penshoni."

"Eya, Akulu, takhuta," ankayankha Ok-bun, mnansi wawo wa kuseri kwa mpanda, mayi wonenepa, woseka msanga, amene amawachepera zaka zingapo. Ok-bun nayenso anali atayamba kudandaula chiuno. Akafika pamtunda paja ankati, "Akulu, ndigwireko kumpando kwanuku, mundikoke. Chiunochi chandipha."

"Gwira, nkhalamba iwe. Wamng'ono ndiwe koma ukuola msanga."

Ndipo ankakwera choncho, njinga patsogolo, Ok-bun pambuyo atagwira mpando ndi manja onse, thumba la nkhono lili kumsana, akusimba za mpongozi wake wosadziwa kuthira mchere m'kabichi. Amake Tae-gon ankanyadira mumtima. Seok ankati yafa, koma taonani, ikukoka anthu awiri pamtunda.

Tsiku lina kunazizira koopsa, madzi anaundana pa simenti ya pamtunda paja. Ali pakati pokwera, Ok-bun anaterereka n'kugwa chafufumimba. Nthawi yomweyo njinga ija, imene amati ikukoka munthu, m'malo mopepukidwa n'kuthamanga, inaima. Inalira pang'ono, kenaka n'kuyamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, kulunjika pamene Ok-bun anagona. Amake Tae-gon anafinya chogwirira cha mabuleki ndi mphamvu zawo zonse, osathandiza. Amayi awiri anaponya matumba pansi n'kuigwira, tayala litatsala pang'ono kuponda mkono wa mnzawo.

M'munsimo madzi anali atayamba kunyambita njira.

Amake Tae-gon anatembenuka pampando n'kumuyang'ana Ok-bun, amene anakhala pansi atagwira dzanja lake, likutupa akuona.

"Iwe. Chiuno chako chija chimapweteka mbali iti?"

Ok-bun anayang'ana kumbali. "Mbali zonse."

"Usandinamize. Wakhala ukundikankha."

"Pang'ono pokha, Akulu. Pamtunda pokhapa."

"Nanga iwe wa mphika pamoto? Iwe wa sewero?" Amayi aja anazolika. Mmodzi anayankhula motsitsa kuti njingayo siinkathanso kuthamanga ndi madzi, ndiye anaona kuti kuli bwino aziweruka onse msanga, pakuti kuno palibe amene amatuluka m'nyanja mnzake ali m'mbuyo.

Lamulo limenelo analiphunzitsa ndi iwo omwe. Tsopano linali kudya matumba a anzawo, amayi amasiye odalira nkhono zomwezo, ndipo tsiku limenelo likanadya ndi mkono wa munthu. Manyazi anawagwira amake Tae-gon, manyazi enieni otentha m'makutu. Ok-bun ataona nkhope yawo anayamba kulira, osati chifukwa cha dzanja.

"Musamuuze Tae-gon, Akulu. Tizikukankhani ife, tilipo ambiri. Mukapita inu, ndizikangana ndi ndani pampanda?"

"Khala chete. Mamina akuundana."

Anaikankha onse mpaka pamwamba. Amake Tae-gon anaonetsetsa kuti Ok-bun wakwezedwa galimoto ya wamalonda kupita kukamangidwa dzanja. Atafika kwawo sanatsuke njinga. Anakhala pakhonde magolovesi ali m'manja, dzuwa likadalipo, n'kuimba foni pakati pa sabata, chinthu chimene sanachitepo.

"Amayi? Kwagwanji?"

"Njinga yatha. Inatha kale, ine ndimakubisira. Lero ikanaponda Ok-bun. Ubwere undiperekeze kwa dokotala."

Pano m'pamene ambiri a ife timawavulira chipewa. Akanatha kunena kuti yangofooka. Akanatha kupempha Seok awotcherere kamodzi kena, anzawo n'kupitiriza kukankha mpaka nyengo ithe, ndipo palibe akanaulula. Iwo ananena zonse, ndi zowaipitsa zomwe, akudziwa kuti akupereka mlandu wawo m'manja mwa woweruza.

Tae-gon anafika Loweruka, bambo wamtali wa imvi m'mbali, wosayankhulayankhula ngati atate ake. Kumbuyo kwa galimoto yake kunali makatoni opanda kanthu, opindidwa bwinobwino. Amayi ake anawaona. Anamuphikira msuzi wa nkhono, iye n'kudya mbale ziwiri za mpunga maso ali pansi. Atamaliza anaika timitengo todyera patebulo.

"Amayi, tinapangana."

"Tinapangana za ine, osati za chitsulo. Chatopa ndi chitsulo."

"Mwandinamiza nyengo yonse. Mukanamira, ndikanamva kwa anthu."

"Ndakunamiza, eya. Koma wakuuza ndani tsopano? Seok? Ok-bun? Ndakuimbira ndine. Ndinachedwa, ndipo kuchedwako kwapweteka mwana wa eni, sindidzabwerezanso. Tsiku limene ndidzaone kuti chatha ndine, osati njinga, ndidzakuimbiranso chimodzimodzi. Sudzachita kumva kwa anthu."

Tae-gon anatenga makiyi a galimoto. Anapita nawo mumzinda. Dokotala anati mawondo palibepo chonena, koma maso ndi mutu zili bwino kuposa za anthu ena amene amawaona akuyendetsa magalimoto. Pobwerera amayi ake anabwereza mawu amenewo kangapo, iye n'kungoti, "Njinga tigula. Ngakhale ku Incheon kuli mabwalo oyendamo okalamba." Makatoni aja anawatsitsa n'kuwaimika pakhonde.

Masiku odikira njinga anali owawa. Amake Tae-gon ankakhala pawindo kuonerera anzawo akutsika njira popanda iwo, n'kumatukwana chamumtima aliyense wonyamula thumba molakwika. Makatoni sanawakhudze, koma sanawatayenso.

Njinga inabwera m'mawa wina pa lole, yofiira, mpando ukadali m'pulasitiki. Tae-gon anali atabweranso kudzailandira. Kuno chinthu chatsopano choyenda pamsewu sichiyamba ulendo chisanadyetsedwe. Amachiikira makeke a mpunga, nsomba youma yokulungidwa ulusi woyera, ndi mowa wa mpunga wothira pa tayala lililonse, ndipo mwamuna wa pakhomo ndiye amayamba kugwada n'kupempha kuti njira ikhale yoyera. Amayi a m'mudzi sanafunse munthu. Anaikankhira njingayo pamutu penipeni pa njira ya kunyanja, n'kuyala mphasa pamenepo, madzi akuphwa kutsogolo kwake.

Ok-bun, dzanja lili m'chikhakha, anamupatsa Tae-gon botolo la mowa ndi dzanja linalo.

"Tenga, mwanawe. Upemphere njira imene iziyenda. Kaya ndi iyi, kaya ndi ya kubwalo la ku Incheon, unene momveka, mizimu yathu ndi yogontha."

Wina anaseka, n'kusiya msanga. Amake Tae-gon anaima chapatali atatsamira ndodo, nkhope ili gwa, maso ali pa mwana wawo. Anali ndi mantha, ndipo aka kanali koyamba kuti anthu awaone nawo.

Tae-gon anaima nthawi yaitali botolo lili m'manja. Anayang'ana njira yopapatiza ija, mtunda woterera uja, miyala yakuda kutali. Kenaka anayang'ana amayi ake, kamunthu kopindika kovala nsapato za mphira zofika m'mawondo, atavala kale zopitira kuntchito asanamve chigamulo. Anazungulira njinga akuthira mowa pa tayala lililonse. Atatha anagwada pasimenti yozizira, buluku lake labwino lili m'matope, n'kugunditsa chipumi pamphasa.

"Panjira iyi," anatero motsitsa. Anatsokomola n'kubwereza mokweza. "Panjira iyi. Muziwabweretsa amayi anga kunyumba tsiku lililonse."

Ok-bun analira mokweza ngati pamaliro, amayi ena n'kumamuseka akupukuta maso awo omwe. Amake Tae-gon anakwera pampando okha, osalola kugwiridwa, n'kuika kachitsulo kawo m'dengu. Anatambasula dzanja n'kusisita mutu wa imvi wa mwana wawo, kamodzi kokha, mwamsanga, ngati akuchotsapo fumbi.

"Dzuka, wanditchingira njira. Madzi aphwa."

Tae-gon anadzuka n'kupatuka.