Zitenje pabwalo la mpira

Sukulu sindinapite nayo patali, koma ku Golomoti kuno ndikayankhula amamva ndi a kutsidya kwa njanji. N'chifukwa chake chaka chimene madzi anakokolola mlatho wathu, zipani zitachuluka kale, anthu anasankha ine kuti ndikonze potera helikopita ya asilikali. Inkabwera kudzatenga mwana wanga wamkazi. Anali ndi pakati, atavutika masiku awiri osachira, njira ya kuchipatala ku Mua itaduka.

Kwathu mlendo wolemekezeka saponda fumbi. Ndinalamula amayi kuti ayale zitenje pabwalo la mpira, zatsopano zokhazokha, kuyambira pakati mpaka pagolo.

Inabwera, inatsika, basi n'kukweranso. Kuzungulira, kutsika, kukweranso. Mwana wanga ali pamachira, kubuula kukuchepa. Ndinakuwa: "Mwachita khungu kodi? Si apa takuyalirani!"

Msilikali wa pakhomo la ndegeyo ankangokupiza dzanja ngati akuingitsa nkhuku. Anazindikira ndi mkazi wanga.

"Bambo, akuti tichotse nsaluzi!"

"Za ndege wazidziwira kuti iwe?"

Anayamba kutola, anzake n'kumutsatira. Chitenje chimodzi chinatsalira. Ndege ikutsikanso, ndinachiona ndi maso angawa mphepo ikuchinyamula, chikukwera chopotokola, n'kudutsa pafupi penipeni ndi mapiko a kumchira.

Itatera, akukweza wodwalayo, kunatsika mkulu wina wa imvi, mphunzitsi wa woyendetsayo. Anandikokera pambali, akukuwa kuposa injini.

"Madala, anthu angawa ndimawaphunzitsa chinthu chimodzi tsiku lililonse. Usangoona potera. Ona zonse zokuzungulira, udzifunse kuti mphepo yako ikafika pansi chiuluke n'chiyani. Nsalu ija ikanakulunga kumchira, tikanagwera pa inu nonse, ndi mwana wanu yemwe. Mwatichedwetsa ndinu."

Ndine! Ine woona mbuzi ili kuphiri, ndinayala imfa ndi manja anga n'kumaitcha ulemu.

Mwana wanga anafika naye kuchipatala mpweya ulipo. Adokotala anati akanachedwa pang'ono, tikanaika awiri. Mdzukulu wanga anaberekedwa ndi chitenje chomwe chija. Mkazi wanga anakachitola mumtengo wa bwemba, ndipo anachita dala kuti ndisamaiwale.

Mpaka lero ndikamva ndege, ngakhale ili m'mitambo, ndimakuwa kuti aanule zovala. Amandiseka. Aziseka, iwo sanachione chikukwera.