Katoni ya Pansi pa Kauntala

Mukafika mumsewu wa kuseri kwa maofesi uja n'kufunsa kuti fotokope yabwino ili pati, aliyense akulozerani kwa Mayi Sataya. Dzinalo si lobadwa nalo ayi. Anawapatsa ndi anzawo a m'mashopu oyandikana nawo, chifukwa kwa mayiwa kutaya chinthu kumawawa ngati kuzula dzino. Bambo awo anali telala, ndiye iwo anakula akutola tizidutswa ta nsalu pansi pa makina n'kumasokera mapilo. Amuna awo atamwalira, anagulitsa kabati ndi wailesi n'kugula makina a fotokope ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo makina amenewo ndi amene anaphunzitsa ana awo atatu.

Shopuyo ndi kachipinda kopanikiza. Muli kauntala yathabwa, benchi ya anthu atatu oonda, ndi fani imene inasiya kuzungulira kalekale koma siichoka padenga, poti mwina tsiku lina idzagwira ntchito. Makinawo ali ndi chilema chawo: pepala lililonse limatuluka ndi kamzere kakuda chakumanzere, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Munthu akadandaula, mayiwo ankaseka n'kuti, "Imeneyo ndi siginecha yanga, sindilipiritsa."

Pakhoma anamatapo chikwangwani cholemba okha: CHIPHASO CHANU NDI MOYO WANU, MUSACHISIYE PALIPONSE. Ndipo pakamwa, eee, anali mlaliki. Ukangoiwala chiphaso pagalasi la makina, ankakuthamangira mpaka pamsewu, n'kukukalipira pamaso pa anthu kuti akuba a masiku ano sathyola zitseko, amangofuna dzina lako basi. Anthu ankawakhulupirira chifukwa cha ukali womwewo.

Koma pansi pa kauntalapo panali katoni. Pepala likatuluka loda kwambiri kapena lopendekeka, ankalipinda ngodya kuti lisasakanikirane ndi abwino, n'kuliponya mmenemo. Kung'amba pepala loti kuseri kwake n'koyera mbee? Mtima sukanawalola. Poyamba ankapatsa mayi wogulitsa mtedza kuti azikulungira. Kenako kunabwera bambo wina waulemu, wa shati yosita bwino, amene anati amaweta anapiye ndipo amafuna mapepala oyala pansi. Ankalipira, n'kuthokoza ndi manja awiri. Mayi Sataya ankauza anzawo monyada kuti kwa iwo ngakhale zinyalala zimabereka ndalama.

Mwa makasitomala awo onse, amene ankawalemekeza kwambiri anali Aphunzitsi, bambo wachikulire wopuma pantchito amene anawaphunzitsa iwowo kuwerenga ali kamtsikana. Aphunzitsiwo ankakhala ndi mdzukulu wawo wamkazi, mwana wamasiye, amene ankawaphikira ndi kuwawerengera zilembo zing'onozing'ono za pamabotolo a mankhwala. Tsiku lina a ku ofesi ya penshoni anafuna makope a chiphaso ndi a cheke chimodzi chosainidwa, ati atsimikizire akaunti. Aphunzitsi anabwera nazo mu envulopu yomanga ndi labala. Makope oyamba anatuluka akuda bii. Mayi Sataya anapepesa, anapinda ngodya, n'kujambulanso ena. Ndalama anakana, poti mphunzitsi wako sumulipiritsa.

Patapita miyezi inayi, Aphunzitsi anabweranso m'mawa wina. Tayi anavala monga mwa masiku onse, koma kolala inali yosasita. Anakhala pabenchi asanauzidwe, chinthu chimene sankachita.

"Mwana wanga, undijambulire izi. Akuzifuna kupolisi."

"Kupolisi? Kwagwanji, Aphunzitsi?"

Anafotokoza mwapang'onopang'ono, maso ali pansi. Penshoni yawo inayamba kubwera yoduka. Atafufuza, anapeza kuti munthu wina anakatenga ngongole pakampani ina yobwereketsa ndalama m'dzina lawo, ndi makope a chiphaso chawo ndi a cheke chawo, atakopera siginecha yawo mwaluso. Akampaniwo anawapatsa mapepala amene wakubayo anasiya.

"Mapepala anga amakhala m'sutikesi pansi pa bedi," anatero Aphunzitsi. "Amadziwa ndani kupatula mwana uja? Analira, analumbira, koma ine ndinati m'nyumba mwanga simugona mbala. Masabata atatu tsopano chichokereni. Akuti ali kwa azakhali ake."

Mayi Sataya analandira mapepalawo n'kutsegula chivundikiro cha makina. Ndi pomwe anawayang'ana. Anali akuda bii. Chakumanzere kunali kamzere kuyambira pamwamba mpaka pansi, chonsecho iwo anali asanadinde batani. Pangodya panali mkwinya wa pamene chala chawo chomwe chinapinda.

Mayi Sataya anaweramira makinawo ngati akukonza chinachake kuti nkhalambayo isawaone nkhope. Chikwangwani chija chinali pamwamba penipeni pa mutu wawo. Anajambula mapepalawo, anawaika mu envulopu, n'kunena kuti, "Pepani kwambiri, Aphunzitsi. Dziko laipa."

Mawu amenewo ndi amene anawachititsa manyazi kuposa katoni yomwe. Dziko laipa! Ngati kuti dzikolo ndi limene linkalandira ndalama za bambo wa anapiye.

Masiku anayi anatha ali chete. Ankatsegula shopu, kujambula, kubweza chenje, koma ulaliki unatha. Mnzawo wosoka nsapato anawafunsa ngati akudwala mano. Bambo wa anapiye uja anali atasowa kwa miyezi iwiri, ndipo tsopano mayiwo anamvetsa chifukwa chake. Ankawerenga mumtima nkhope zonse zimene zinalowa m'katoni ija: anamwino, madalaivala, amayi amasiye obwera ndi zikalata za imfa za amuna awo. Akaulula, ndani adzapondenso pakhomo pawo? Akakhala chete, mtsikana wosalakwa akhalabe mbala kwa agogo ake ndi kwa abale onse. Ankadziwa bwino lomwe kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma apa amene ankafera kuunako sanali iwo, anali mwana wa eni.

Tsiku lachisanu masana anatseka shopu, ananyamula katoni ija pamutu, n'kupita kwa Aphunzitsi. Anawapeza pakhonde akuyesa kuwerenga botolo la mankhwala atalitalikitsa ndi dzanja. Mayi Sataya anakana mpando. Anagwada pasimenti, mayi wamkulu wa zidzukulu zake, n'kutulutsa mapepala limodzilimodzi. Anawaonetsa kamzere, anawaonetsa ngodya yopinda, n'kunena zonse, mpaka mtengo umene ankagulitsira katoni imodzi.

Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo kukanawapepukira. Koma Aphunzitsi anangoyang'ana kamzereko nthawi yaitali.

"Ndiye kuti mwana uja sanakhudze sutikesi yanga."

"Sanakhudze, Aphunzitsi. Wolakwa ndine."

"Dzuka, mwana wanga. Iwe unataya mapepala. Ine ndinataya munthu, ndipo palibe amene anandilipira."

Mawa lake anapita limodzi kupolisi, kenako kwa azakhali aja. Mtsikanayo anawalandira mwaulemu, anawapatsa madzi akumwa, anamvetsera mpaka kumapeto. Agogo ake atapepesa, anayankha kuti wamva. Koma chikwama sanalongedze. Anati wapeza kantchito kufupi ndi komweko, ndipo azibwera kudzawaona Loweruka.

Mayi Sataya anauza makasitomala onse amene anatha kuwakumbukira kuti akafufuze kubanki ngati dzina lawo silinagwiritsidwe ntchito. Ena anathokoza, ena anawatukwana, ambiri anangosamukira kushopu ya kutsidya kwa msewu. Chikwangwani chija anachimatula okha. Pakauntala pano pamakhala sizasi yaikulu ya bambo awo, ya utelala ija. Pepala likaonongeka, amalipereka kwa mwini wake m'manja, kapena amalidula tizidutswa mwiniyo akuona. Amauzanso aliyense kuti pa kope lililonse alembepo chodutsa pakati kuti ndi la ntchito yanji ndi tsiku lake, koma amanena motsitsa mawu, ngati munthu wopempha.

Mwezi watha mtsikana uja analowa mushopumo ndi masatifiketi ake. Anapereka moni, "Mwaswera bwanji, amayi," ngati palibe chinachitika. Mayi Sataya anaika satifiketi pagalasi mofulumira, moti pepala loyamba linatuluka lopendekeka. Asanafikire n'komwe sizasi, mtsikanayo anali atatambasula kale dzanja pakauntala. Analandira pepalalo, analipinda kanayi, n'kuliika m'chikwama mwake.

"Usalipire, mwanangu," anatero mayiwo. "Agogo ali bwanji?"

"Ndinawaona Loweruka. Ndinawalembera mayina a mankhwala ndi zilembo zikuluzikulu, kuti aziwerenga okha."

Anaika ndalama zake pakauntala, zokwanira ndendende kuphatikizapo za pepala loonongeka lija, n'kutuluka.