Tsaya la Lusiya m'chaka cha kolera

Chinayamba ngati dzino. Mwana wanga Lusiya, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anadzuka tsiku lina m'chilimwe tsaya lakumanja litatupa. Ndinamuthowa ndi madzi otentha, koma chotupacho chinangokulirakulira. Mano anayamba kugwedera, diso linatsekeka, ngakhale phala linkamukanika.

Kumudzi kwathu, kufupi ndi Njuli, matendawo anawapezera dzina msanga: ati tsempho. Amuna anga anali ku migodi ku Joni, ndiye anthu anati ndinayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo za mwana. Zinandiwawa koopsa, koma nthawi yokangana ndinalibe. Ndinamubereka mpaka kuchipatala cha mishoni, komwe anatitumiza kuchipatala chachikulu m'tauni. Adokotala atamuyeza anati, "Mayi, iyi ndi khansa. Mankhwala alipo, koma musachoke naye asanamalize majekeseni."

Mvula itagwa, kolera inabuka. Geti la chipatala analitseka. Alendo ayi, chakudya chakunja ayi, wodwazika mmodzi yekha, ndipo wotuluka sankalowanso. Ndinkagona pansi pa bedi lake. M'mawa uliwonse tinkasamba m'manja m'madzi onunkha mankhwala, kenako n'kudikira adokotala mpaka dzuwa kufika pamutu. Jekeseni ankamusanzitsa, tsitsi lonse linathothoka. Ndinkamumwetsa phala pang'onopang'ono, iye akulira, inenso ndikulira.

Tsiku lina anesi anandiuza kuti kumpanda kuli munthu. Anali achimwene anga, eni mbumba, botolo lili m'manja.

"Achemwali, tulukani naye mwanayu. Mankhwala a tsempho ndi awa, koma sagwira mukapanda kuulula pamaso pa akuluakulu. Alamu amva kale ku Joniko. Ati mukakana, ukwati watha."

Ndinayang'ana getilo. Ndikanatuluka, Lusiya sakanalowanso, majekeseni akanathera pomwepo.

"Achimwene, choulula ndilibe. Mwana satuluka muno. Kawauzeni choncho."

Ananditchula wamwano, n'kubwerera ndi botolo lawo. Ndinalowa m'wodi mtima uli m'malo.

Patapita milungu chotupa chinayamba kuphwa. Diso linatseguka. Tsiku lomwe anapempha chinangwa ndinaseka mpaka odwala anzake kudabwa. Tinatuluka chimanga chitacha, ndipo ndinkapita naye kukaonedwa monga anatiuzira. Amuna anga atabwera anangotenga katundu wawo n'kubwerera kwawo, osamuona n'komwe mwanayo kumaso.

Lero Lusiya ndi mayi wa ana awiri, amagulitsa tomato pa Njuli, ndipo nzimbe amatafunira tsaya lomwe lija. Amene anandinenera aja sanapepese, inenso ndinasiya kudikira. Amayi anzanga, mwana akatupa thamangani naye kuchipatala msanga, milandu ikupezani pambuyo. Ine ukwati unandithera pampanda paja, koma manda a mwana wanga sanakumbidwe.