Ndinazungulira Lisbon ndili pa chulu cha m'munda wa tiyi

Mzinda wa Lisbon ndimaudziwa ngakhale sindinapondemo. Ndikudziwa pamene msewu wa miyala umakwera chitunda mokhotakhota, pamene pali tchalitchi chopanda denga, ndiponso pamene munthu amaima n'kuona madenga ofiira akutsetsereka mpaka kumtsinje waukulu. Zonsezi ndinaziona pa foni, nditakhala pa chulu cha m'munda wa tiyi kumtunda kwa komboni yathu ku Thyolo, mwana ali pamiyendo.

Bambo a mwana wanga ankagwira ntchito ku fakitale, kumakina oumitsa masamba. Nyumba imene tinkakhala inali ya esiteti, ndipo tinaipeza chifukwa cha ntchito yawoyo. Zipinda ziwiri, khonde laling'ono, ndi mtengo wa mapeyala umene tinaupeza ukufota iwo n'kuutsitsimutsa ndi madzi otsukira mbale. Ndili ndi pakati, amalume awo a ku Mozambique anawaitana kuti kwapezeka mwayi. Anayamba akhala ku Maputo, kenako ndinangomva kuti awoloka nyanja, ali kwa Apwitikizi. Kumeneko anapeza ntchito yoyendetsa kagalimoto ka matayala atatu kamene amakatcha tukutuku, konyamula alendo odzaona mzinda. Woyendetsayo ndi yemwenso amafotokoza mbiri ya nyumba zakalezo. Munthu amene kuno ankachita manyazi kupemphera mokweza mu tchalitchi anali ataloweza nkhani za mafumu a eni ake, n'kumazinena m'Chingerezi tsiku lonse.

Ine ndinatsala m'nyumbamo. Abwana a ku fakitale anandilekerera chifukwa mvula ikagwa ndinkathyola tiyi, ndipo ankati mwina mwini nyumba abwerera. Mwana anabadwa, anakwawa, anayamba kuyenda, bambo ake osamugwirapo.

Foni yoonetsa nkhope ndinalibe. Inali ya aphunzitsi a pasukulu ya pa esiteti, mayi wa ku Mzimba amene tinkaimba naye kwaya. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ankandibwereka, ine n'kukwera nayo pa chulu paja chifukwa m'komboni netiweki imachita kubisala. Vuto linali loti Lamulungu ndi tsiku limene alendo amachuluka kumeneko. Bambo a mwana ankamangirira foni pafupi ndi chiwongolero, n'kundiuza kuti, “Alendo akakwera mukhale chete, mayi. Abwana anga safuna foni pa ntchito. Muzingoona, ulendo waulere umenewu.”

Ndiye ndinkaona. Makoma omatidwa timatailosi tabuluu, zovala zoyanikidwa m'mawindo a m'mwamba, kasitima kachikasu koyenda pakati pa msewu kakuliza belu. Ndinkamva mawu awo akukwera ndi kutsika. Chingerezi changa ndi cha ku pulayimale, koma m'kupita kwa masabata ndinadziwa pamene amanena za chivomerezi chimene chinagwetsa mzindawo kalekale, ndi pamene amanena nthabwala, pa tchalitchi chopanda denga paja, alendo n'kuseka. Ankaseka pamalo omwewo sabata iliyonse, anthu osiyanasiyana. Mwana wanga naye anaphunzira kuseka pomwepo.

Mpata wolankhula unali umodzi. Pamwamba pa chitunda alendo ankatsika kukajambula zithunzi, ndipo iwo ankatembenuzira foni kunkhope kwawo.

“Muli bwanji kumeneko, mayi?”

“Tili bwino, kaya inu, bambo?”

“Tili bwino. Kamtsikanako kadzuka bwanji? Tandionetseni. Ee, mutu wa agogo ake ndithu! Amayi ku Thekerani mwamva kuti ali bwanji? Nanga achimwene ku Goliati? Mapeyala agwira chaka chino?”

Ndinkayankha chimodzichimodzi, kenako ine n'kufunsa za chifuwa chawo, za kuzizira, ngati akudya. Tikamamaliza, alendo amakhala akubwerera. Sizinkandivuta. Moni ndiye chakudya chimene tinali nacho, ndipo ndinkatsika pa chulupo nditakhuta.

Zinasintha chaka china mvula itatha. Tiyi anachepa, ife aganyu anatiimitsa monga mwa nthawi zonse. Tsiku lomaliza pa sikelo, akapitawo anandiitanira pambali. Ndi bambo wachikulire, wa mpingo wathu, ndipo ankalankhula akuyang'ana dengu langa m'malo mwa nkhope yanga.

“Mayi, kukubwera munthu watsopano kumakina, ali ndi banja. Nyumba ija akuifuna mwezi ukatha.”

Ndinafunsa ngati ndingapite ndekha kukapempha ku ofesi.

“Mungapite, koma akakufunsani funso lomwe ndikufunsani ine. Amuna anu akubwera liti? Abwana amawakonda aja, manja awo pa makina sanawaiwale. Atati aimbe okha, anene kuti mvula ikamayamba ndafika, nyumba akhoza kuisunga. Koma anene okha. Mawu a mkazi pa nyumba ya kampani salemera, mukudziwa inunso.”

Ndinkadziwa. Ndinathokoza, n'kusenza dengu lopanda kanthu.

Lamulungu lotsatira ndinakwera chulu nditakonzeka. Tinadutsa matailosi, kasitima, tchalitchi, alendo anaseka, anatsika. Nkhope yawo inabwera, yoonda kuposa kale, milomo yosweka ndi mphepo. Anafunsa kuti tili bwanji, pakamwa panga panayankha pokha kuti tili bwino. Kwathu nkhani yolemera sitiinena chiimire. Munthu wochokera kutali umayamba wamulonjera, akhale pansi, amwe madzi, ndipo ngati pali alendo umadikira achoke. Amayi anga sanauzepo bambo anga vuto ali pakhomo ndi khasu paphewa. Tsono munthu wangayu sankakhala pansi. Nthawi zonse anali pa msewu, nthawi zonse ndi alendo. Ndinati ndidikire tithe moni. Moni usanathe, mzungu wina anali atakwera kale.

Sabata inayo zinachitikanso chimodzimodzi. Ndikubweza foni, aphunzitsi anandiyang'ana n'kufunsa, “Mwawauza?”

“Mpata unachepa.”

“Asisi, inu Alomwe mudzafa ndi ulemu. Nyumba ikupsa, inu muli ‘kaya inu, kaya inu’! Bwanji osajambula mawu n'kuwatumizira? Akamvera usiku akaweruka.”

Ndinakana. Foniyo ana awo ankaseweretsa, ndipo mawu ojambula amatsala. Komanso funso langa silinali la nyumba yokha. Kufunsa mwamuna kuti mukubwera liti, n'kulisiya funsolo m'foni ya eni ake kuti lizidikira yankho, sindikanatha. Ndinkafuna ndione nkhope yawo akamayankha.

“Chabwino,” anatero aphunzitsi. “Sabata ya mawa akangoti halo, musalonjere. Yambani ndi nyumba.”

“Ndiyambe osalonjera? Ngati ndikuthamangitsa nkhuku?”

“Ngakhale ngati mukuthamangitsa mbuzi. Mwezi ukutha uwu.”

Sabata yonseyo ndinkayeserera mawuwo ndikuchapa, ndikutunga madzi. Ndinawafupikitsa mpaka anakwana mpweya umodzi.

Linafika Lamulungu lomaliza la mweziwo. Kunali chiperoni m'mawa, koma pofika masana kunayera, minda yonse ikuwala mpaka kumapiri. Ndinamuveka mwana juzi, tinakwera. Ulendo unayamba monga mwa masiku onse. Pamwamba pa chitunda ndinamva alendo akutsika, foni inatembenuka, ndipo iwo anati, “Muli bwanji kumeneko, mayi?”

“Tili bwino, bambo, koma pali…”

Kumbuyo kwawo kunatulukira nkhope ya mayi wachizungu wokalamba, wa tsitsi loyera. Iyeyu sanatsike, kaya miyendo inkamuvuta. Anaona foni, anafunsa kanthu. Bambo a mwana anadzidzimuka, kenako anaseka kuseka kwawo kwa pantchito, n'kumasula foni kumupatsa. Ndinamva akuti mkazi wanga, mwana wanga, Malawi. Mayiyo anakuwa ndi chisangalalo ataona kubiriwira kumbuyo kwanga, anaitana anzake, ndipo posakhalitsa m'foni munadzaza nkhope zofiira ndi magalasi akuda.

“Akuti ndi tiyi ameneyo?” anatero bambo a mwana. “Aonetseni mmene mumathyolera, mayi. Chonde. Akasangalala awa zimandiyendera.”

Ndinaimirira, mwana kumbuyo, foni dzanja limodzi. Ndinathyola masamba awiri ndi kansonga kake, n'kuonetsa. Anawomba m'manja. Anati ndibwerezenso, wina ajambule. Ndinabwereza. Mwana anawabayibitsa, iwo anasungunuka. Ndinazunguliza foni pang'onopang'ono monga mmene iwo amachitira ndi mzinda wawo, mizere ya tiyi, mitengo ya bulugamu, utsi wa ku fakitale.

“Akufunsa kuti mumakhala kuti. Aonetseni nyumba yathu.”

Ndinaloza foni kumunsi. Kuchokera pa chulupo nyumbayo imaoneka bwino, yachitatu pa mzere, mtengo wa mapeyala utaphimba theka la malata. Ndinamva bambo a mwana akufotokoza, mawu atakwera ngati mmene amanenera za nyumba za mafumu, ndipo ndinadziwa kuti akunena za mtengo wawo uja. Alendo anati n'kokongola.

Pamenepo ndinaona kuti mpata wina sudzapezeka. Ndinatembenuzira foni kunkhope kwanga, ndinamwetulira kuti alendo asadziwe kanthu, n'kunena m'Chilomwe, chinenero chimene timalankhula tikafuna kuti ana a eni ake asamve. Ndinati nyumbayo akutilanda mwezi uno ukatha. Ndinati akapitawo akuti muimbire abwana, munene tsiku limene mukubwera.

Kumwetulira kwa bambo a mwana sikunachoke, kunangouma pamalo pomwepo. Anayankha m'Chilomwe momwemo, mano ali pamtunda.

“Mapepala anga ondilola kukhala kuno sanatuluke. Ndikatuluka muno sindidzalowanso. Tsiku ndilibe, mayi. Ndiwanamize abwana?”

Ndinati ayi, musawanamize.

Mayi wokalamba uja anafunsa kuti ndanena chiyani. Ndinamva yankho lawo, linali la Chingerezi chophweka choti ngakhale ine ndinachitola. Anati mkazi wanga akuti mudzabwere ku Malawi, mudzamwe tiyi. Onse anati zikomo, zikomo, akugwedeza manja. Inenso ndinagwedeza.

Anamangiriranso foni pa chiwongolero, alendo anakhala pansi, tukutuku inayamba kutsika. Sanadule, inenso sindinadule. Pobwerera amadutsanso pa tchalitchi chopanda denga, ndipo amakhala ndi nthabwala ina ya pamenepo. Tsiku limenelo anadutsa osanena kanthu. Ndinkangomva matayala pa miyala. Mwana wanga yekha ndiye anaseka, poti anadziwa kuti pafika poseka.

Aphunzitsi sanandifunse pobweza foni. Anangoti, “Mawa ndikutumizirani makatoni a kusukulu.”

Tinasamuka mkati mwa sabata. Katundu sanali wambiri: matiresi, ndowa, mbale, wailesi yosalira ya bambo a mwana, ndi nsapato zawo za kuntchito zimene ndinazikulunga m'chitenje. Banja latsopanolo linafika ife tisanachoke, anaima pabwalo mwamanyazi ndi mitolo yawo. Mkaziyo, wamng'ono kwa ine, anayang'ana mtengo uja, mapeyala ali lendelende koma osakhwima.

“Nanga awa, mudzabwera kudzathyola?”

Ndinati ndi anu, muziuthira madzi otsukira mbale, umakonda.

Tsopano ndili kwa amayi ku Thekerani, ndimalima chimanga pa kamunda ka kutsetse. Foni yoonetsa nkhope kuno ndilibe, timagwiritsa kakang'ono ka mlongo wanga, ka mawu okha. Bambo a mwana amaimbabe Lamulungu, pa mpata womwe uja. Mzindawo sindiuonanso, koma ndikamva belu la kasitima chapatali, kapena mphepo ikuwomba pa foni, ndimadziwa pamene aima ndi chimene chili kumbuyo kwawo. Mwana amalanda foni n'kuitembenuza uku ndi uku kufunafuna nkhope.

Lamulungu loyamba titafika kuno anafunsa monga mwa nthawi zonse kuti muli bwanji kumeneko. Ndinati tili kwa amayi. Ndinamva phokoso la alendo akujambulana. Kenako anafunsa kuti amayiwo adzuka bwanji, ndipo ndinawayankha.