Kanjira ka ku Phanga la Mbewu

Ndikukumbukira chilimwe chija kwathu ku Mwaladzi, nkhondo ili mkati, ine ndili ndi zaka khumi. Tchire linali litapsa, nthaka yonse ili bii ndi phulusa, koma mitengo ya mombo inali itaphuka kale masamba ofiira ndipo msipu unkasuzumira m'lupsa. Anthu amati imeneyi ndi nyengo yokongola. Kaya. Ine chimene chinatsala m'mutu mwanga ndi kutopa basi, kutopa kofika m'mafupa.

Atate anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni mpaka pamene inatsekedwa. Atasowa ana owaphunzitsa, anatembenukira ife ana awo aakazi atatu. M'mawa uliwonse ankatikweza phiri la kuseri kwa mudzi, ndipo wofunsa aliyense ankamuuza kuti tikuchita jinasitika, masewera olimbitsa thupi aja ankachititsa ana kusukulu. Anthu ankaseka kuti aphunzitsi mutu wawazungulira. Ana odya kamodzi patsiku, muwalimbitsa chiyani, mafupa?

Jinasitikayo inali yongophimba anthu m'maso. Aliyense wa ife ankabereka m'nsalu kathumba ka mbewu ya chimanga, ngati mmene atsikana amaberekera chidole. Anthu a mfuti akafika pamudzi ankakokolola zonse za m'nkhokwe, choncho mabanja anayi a mphakati wathu wa kutchalitchi anapangana zobisa mbewu yodzabzala m'phanga la pamwamba pa phirilo. Akuluakulu akanakwera ndi mitolo akanaonekera, koma ana ochita masewera ndani angawafunse? Mbewu ya mabanja onse anayi inadutsa pamisana yathu, pang'onopang'ono, n'kukalowa m'mitsuko yomata pakamwa ndi dothi.

Lamulo linali limodzi lokha. "Musaponde pamene munaponda dzulo," ankatero atate tili m'munsi. Pa lupsa phazi limalemba. Ukadutsa malo amodzi katatu wapanga njira, ndipo njira imaitana alendo. Ndiye aliyense ankadzera kwake, lero m'miyala, mawa m'minga, n'kukakumana pamwamba.

Phiri lija linalibe chisoni. Miyala inkatentha kumapazi dzuwa lisanakwere n'komwe, zitsa za udzu wopsa zinkabaya ngati singano, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Phulusa linkalowa m'mphuno ndi m'kamwa, malovu n'kukhala akuda. Ndinkafika paphanga ndili wefuwefu, atate n'kundisisita pamutu amvekere mawa zidzapepuka. Sizinapepuke ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku lina ndinapeza kakhwawa kouma mbali ya kum'mawa, kokwera mosatopetsa, kodutsa pansi pa mitengo ya masuku. Munali mthunzi. Ndinadziuza kuti ndi lero lokha. Mawa lake miyendo inandipititsa komweko yokha, ine osaikaniza. Ndinadzeramo sabata ziwiri zathunthu, ndipo ndikayandikira pamwamba ndinkapatuka n'kutulukira kwina kuti atate aziti mwana wawo ndi womvera.

Tsoka silinunkha. Anthu a mfuti anafika masana ena dzuwa likuswa mtengo, ife n'kuthawira m'bango la kudambo, kumene tinakhala masiku awiri. Pobwerera tinapeza nkhokwe zili pululu. Palibe amene analira kwenikweni, zimenezo tinali titazizolowera. "Mbewu ilipo," anatero atate, ndipo abambo a mabanja anayi aja anakwera phiri kukaona, ife ana tili pambuyo.

M'phangamo tinapeza mapale okhaokha. Timaso ta chimanga totsalira tinali titamwazika pansi, nyerere zikututa. Abento, oyandikana nafe nyumba, bambo a ana asanu ndi awiri, anazungulira panja mpaka anaima pamutu pa kakhwawa kaja. Kanjira kanali koonekeratu, koyera pakati pa phulusa, kotsetsereka mpaka m'munsi.

"Aphunzitsi, njira iyi sinadzipange yokha," anatero Abento. "Wadzera muno ndani?"

Atate anagwada n'kuyang'anitsitsa. Panali zidindo za nsapato zazikulu, ndipo m'mbali mwake kaphazi kakang'ono, zala zonse zisanu zikuwerengeka. Anapukuta pamalopo ndi chikhatho, n'kudzuka pang'onopang'ono ngati nkhalamba.

"Ndi mbuzi izi," anatero.

Mbuzi yomaliza m'mudzi mwathu inali itatengedwa chaka cham'mbuyo mwake, ndipo aliyense woima pamenepo ankadziwa. Abento anawayang'ana atate, analavula pansi, n'kuyamba kutsika. Kuyambira tsiku limenelo sanawapatsenso moni, ngakhale kutchalitchi.

Mvula inabwera pa nthawi yake, yabwino zedi, n'kugwera m'minda yopanda kanthu. Udzu usanatalike, mabanja onse anayi tinali pa ulendo wapansi wa ku Kasakatiza kuti tiwolokere ku Zambia. Mwana wamng'ono wa Abento sanafike kumalireko.

Masiku ano phiri lija lili ndi njira yaikulu, yopondeka bwino, ndipo achinyamata amalikwera akuseka kukasaka netiweki ya foni. Mbewu amagula m'mapaketi kumsika, palibe woibisa. Ndimakondwa nazo, koma ndikafika m'munsi mwake miyendo imandilemera. Atate anakhala zaka zina makumi awiri nkhondo itatha, tikudya mbale imodzi, tikulima munda umodzi. Tsiku lililonse ndinkati ndiwauza mawa, ndiwapepesa mawa. Anamwalira asanandifunse, ine ndisanawauze.